Nyale ya Tadala: momwe ntchito ya njerwa ya galasi ikuyendera

Loweruka, 7 Juni

Tadala, mwana wa mlongo wanga, akwanitsa zaka 5 kumayambiriro kwa Julayi. Mwezi watha makolo ake anamupatsa chipinda chakechake kunyumba kwawo ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, koma n'chake masana okha. Kukangoda amakoka bulangete n'kubwerera kwa amake. Alamu anayesa kusiya babu loyaka usiku wonse, mwana n'kumangotembenuka tulo osabwera, ndipo magetsi akathima pakati pa usiku kulira kumayambiranso. Za kandulo sitikambako, m'chipinda momwe muli neti ya udzudzu ndi mwana wa msinkhu umenewu.

Ndiye ndaganiza zomupangira nyale yogonera. Ndi njerwa ya galasi, zija amaika m'mazenera a mabafa ndi m'makonde a nyumba zamakono. Ndiiboola kumbuyo, ndilowetsamo tinyale ta LED, kutsogolo ndilemba dzina lake. Isadalire magetsi a pakhoma ndipo isatenthe. Koma chomwe ndaikirapo mtima kwambiri n'chakuti isawale kwambiri. Ndikudziwiratu kuti pamenepa ndi pomwe ndidzakangane ndi anthu, chifukwa kwa ambiri a ife nyale yabwino ndi yowala kuposa ya mnzako.

Njerwazo ndazipeza kale. Mnzanga womanga nyumba anatsala nazo zingapo pa ntchito ina ku Katoto, wandipatsa ziwiri, akuti yachiwiriyo ndi yodzandipepesa yoyamba ikasweka. Ndi za muyezo wofala uja, mamilimita 190 m'litali, 190 m'lifupi, 80 kunenepa kwake, ndipo imodzi ikulemera makilogalamu oposa awiri. Zili ndi mafunde, koma ukasisita ndi chala kunja n'kosalala. Mafundewo ali mkati. Zimenezi zandikomera, chifukwa sitika idzamata bwino kunja pomwe mafunde a mkatiwo azidzamwaza kuwala. M'mbali monse muli utoto woyera wokhakhala womwe amapaka kuti simenti igwire. Ena amaupala. Ine ndiusiya, uzibwezera kuwala mkati.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndazungulira m'mashopu a hadiweya kufuna choboolera. Wina wandipatsa biti ya khoma, akuti imalowa paliponse. Imeneyo pagalasi ndi nyundo chabe. Wina wanditulutsira ija ya msonga ngati mkondo, yomwe imabooladi galasi la zenera ndi matailosi ofewa, koma pa bowo la mamilimita 12 sindikuikhulupirira, imakonda kubenthula potulukira. Yomwe ikufunika ndi biti ya dayamondi, kachitsulo kamphako konga kapaipi, komwe kukamwa kwake anamatako timiyala ta dayamondi. Sikadula, kamapera galasi pang'onopang'ono mozungulira mpaka kachidutswa ka pakati kagwe.

Anthu omwe amakhala nayo biti imeneyi ndi oika matailosi, chifukwa matailosi olimba a masiku ano amafuna yomweyo. Mnzanga uja wandilumikiza ndi afundi ena a ku Chiputula. Pafoni anandifunsa kawiri kuti ndikufuna kuboola chiyani, kenako anati, "Achimwene, biti sindibwereketsa. Munthu amaiwotcha tsiku limodzi n'kubweza chitsulo chopanda mano. Ndibwera ndekha Loweruka." Sindinatsutse.

Loweruka, 14 Juni

Bowo latheka, njerwa ili yamoyo.

Ndilembe bwino zomwe tachita, chifukwa pa ntchito yonseyi apa ndi pomwe palibe kubwerera m'mbuyo. Tagwirira pakhonde, pansi titayala thaulo lakale lopinda kuti galasi lisakhudze simenti. Poyamba ndimafuna bowo likhale m'munsi, pambali yopyapyalayo, kuti waya azitsikira m'thabwa osaoneka. Afundi anandionetsa mzere womwe ukuzungulira njerwa yonse pakati pa mbaliyo. Njerwa imeneyi amaiumba magawo awiri ngati mbale ziwiri, n'kuwalumikiza adakali otentha, ndipo mzerewo ndi msoko wake. Pamsoko galasi silikhala lofanana kunenepa, komanso biti imaterereka. Tinagwirizana zoboola pankhope ya kumbuyo, pakati, masentimita 4 kuchokera pansi, pomwe thabwa lidzaphimbe.

Ndinali nditabweretsa dongo kuchokera kudambo. Tinaliumba ngati kankhata kuzungulira malo a bowo, n'kuthiramo madzi mpaka kukhala kadziwe. Madziwo ntchito yake n'kuziziritsa. Galasi likatentha malo amodzi pomwe kwina kuli kozizira limang'ambika, ndipo biti ikauma timiyala take timathothoka. Madzi omwewo amagwiranso fumbi la galasi kuti lisauluke n'kulowa m'chifuwa. Drill tagwiritsa ya batire, chifukwa madzi ndi chingwe cha magetsi a 230 volts sizikhalira pamodzi. Afundi anayang'ana kawiri kuti batani la hammer, lija lochititsa drill kugogoda ngati nyundo, ndi lozimitsa. Tonse tinavala magalasi oteteza maso.

Kuyamba kwake n'kosangalatsa kuonera. Biti yamphako ilibe msonga yoti igwire, ndiye ukaiimika chilili imangovina pagalasi n'kukanda ponseponse. Afundi anaipendeketsa, mbali imodzi yokha ya kamwa lake n'kukhudza galasi, mpaka itakumba kamzere ngati mwezi wongokhala kumene. Kenako anaidzutsa pang'onopang'ono ikuzungulirabe mpaka kuima. Kuchokera apo n'kudekha basi. Liwiro lochepa, dzanja lopepuka, kulemera kwa drill yokha n'kokwanira. Pakapita kanthawi amaikweza pang'ono kuti madzi atsopano alowe mumzere. Madzi anasanduka oyera ngati a mpunga. Ine ntchito yanga inali kuthira ena ndi botolo ndi kutseka pakamwa.

Afundi amamvera ndi khutu. Phokoso likayamba kusintha, kuchoka pa kukhwekhwereza kupita pa kulira kopyapyala, ndiye kuti galasi latsala pang'ono, ndipo pamenepo amapepukitsanso dzanja. Anthu ambiri akuti amaswa njerwa pa mphindi yomaliza imeneyi, chifukwa mtima umafuna kukankha kuti zithe. Itangotulukira tinamva kuti tswii, madzi onse a m'kadziwe aja n'kumwedwa kulowa mkati. Ndinadzidzimuka, iwo akuseka. Chifukwa chake n'chomwechija cha kaumbidwe: magawo awiriwo amatsekedwa mpweya wa mkati uli wotentha kwambiri, ukazizira umachepa mphamvu, ndiye mkatimo mumakhala ngati mukukoka. Ukangotsegula kabowo, mpweya wa kunja umathamangiramo ndi chilichonse chomwe chili pakhomo. Mpweya wochepa womwewo ndi umene umathandiza kuti njerwa zimenezi zisalowetse kuzizira m'nyumba ngati galasi wamba.

Pokhala ndatchula za kaumbidwe: njerwa za galasi si za dzulo. Gustave Falconnier wa ku Switzerland anali atayamba kale kuzipanga m'zaka za m'ma 1880, koma zake zinali zouzira ngati mabotolo. Za magawo awiri olumikizazi zinafala m'zaka za m'ma 1930.

Madzi oyera aja sayenera kuumira mkati, chifukwa akauma amasiya nkhungu yoyera pagalasi yomwe dzanja silingaifikire. Tinatsuka nthawi yomweyo, kuthira, kukhutchumula, kutaya, mpaka madzi kutuluka oyera mbee. Ndinaponyamo mpunga wosaphika wodzaza supuni ziwiri kuti uzikwecha m'makona pokhutchumula. Kachidutswa ka galasi kamene kanagwera mkati kanatuluka mosavuta, poti n'kakang'ono kuposa bowo. Pomaliza ndinakulunga sandipepa wa m'madzi pa pensulo n'kusalaza m'mphepete mwa bowo, chifukwa mpeni umene umatsala pamenepo ungadule waya kapena chala.

Afundi anakana ndalama zambiri, anangotenga ya biti ndi ya sakaramento (kabaza wa kuno) wobwerera.

Lachinayi, 19 Juni

Njerwa sinaumebe mkati. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo Juni wa kuno aliyense amamudziwa: m'mawa nkhungu, masana kamvula kowaza, dzuwa likatuluka ndi la mphindi zowerengeka. Zovala zimatha masiku pachingwe, nanji chinthu cha bowo limodzi. Ndikaiika padzuwa madontho amasanduka nthunzi, kukazizira nthunzi imabwerera pagalasi pomwepo, chifukwa ilibe kolowera.

Lero ndachita ziwiri. Ndatsuka mkati ndi sipiriti woyera wa ku famase, osati wa pepo uja, poopa kuti utoto wake ungatsalire. Sipiriti amasakanikirana ndi madzi n'kuuluka msanga. Kenako ndabwereka pampu ya njinga, ndalumikiza kapaipi kopyapyala, ndakalowetsa mpaka kukona ya kutali, n'kumapopa kuti mpweya wonyowa utuluke. Ndapopera panja, kutali ndi mbaula. Pofika madzulo galasi lili mbee.

Loweruka, 21 Juni

Tsiku la tinyale. Mumsika waukulu ndi ku Taifa tilipo tambiri, makamaka totsala pa Khirisimasi, koma pafupifupi tonse ndi tamitundumitundu tophethira, kapena toyera kwambiri mokhala ngati tabuluu. Mnyamata wina anandiyatsira tina tosinthasintha mitundu, akuti, "Bwana, mwana aliyense amakonda izi." Akunena zoona. Koma kukonda n'kwina, kugona n'kwina.

Ndinapeza tomwe ndimafuna pashopu ya zipangizo za mafoni: waya wa kopa wopyapyala, mamita awiri, tinyale 20, tolembedwa kuti warm white, ta pulagi ya USB. Pamapaketi a mababu pamakhala nambala yotsatiridwa ndi K. Ya 6500K ndi kuwala koyera kobaya m'maso kuja, kwa m'maofesi ndi m'mashopu. Ya 2700K kapena 3000K ndi kofiirira ngati kwa mababu akale. Kusiyanaku si kwa maonekedwe okha. Kukada, thupi limatulutsa melatonin, yomwe imauza munthu kuti nthawi yogona yakwana, ndipo kuwala kokhala ndi buluu wambiri kumachedwetsa zimenezi kuposa kofiirira. Babu lomwe alamu ankasiya loyaka lija ndi la 6500K, ndinaliona ndekha.

Chodabwitsa n'chakuti pafupifupi LED yoyera iliyonse mkati mwake ndi yabuluu, anangoiphimba ndi mankhwala achikasu omwe amasintha gawo la kuwalako. LED yabuluuyo inavuta akatswiri kwa zaka zambiri, mpaka Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura anaikwanitsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2014 analandira nayo mphoto ya Nobel. Ndiye ngakhale tofiirira tangati tili ndi kabuluu kake. Njira yokachepetsera ndi kuchepetsa kuwala konse.

Madzulo ndinatilowetsa m'njerwa kuti ndione. Akazi anga anaombera m'manja, akuti zakongola. Zinakongoladi, koma pabalaza ponse panawala moti ndinawerenga nyuzipepala ndili pampando wa kutali. Muyezo wanga ndi uwu: munthu ali pabedi aone chitseko, aone pomwe pali nsapato ndi ndowa, koma asathe kuwerenga. Akazi anga anati, "Ndiye mphatso yake ndi mdima womwewo?" Tasiyira pomwepo.

Lachitatu, 25 Juni

Maganizo anga oyamba anali a power bank, chifukwa ilipo kale kunyumba kwa mlongo wanga. Sizikutheka. Ndikalumikiza timayaka, pakapita kanthawi kochepa n'kuzima tokha. Ndinapita nazo kwa bambo wina wokonza mawailesi pafupi ndi depoti, yemwe ndimamudalira pa zinthu zotere. Anaika mita yake n'kundionetsa kuti tinyaleti tikukoka moto wochepa kwambiri. Power bank zambiri zinapangidwa kuti zikaona moto ukukokedwa pang'ono choncho ziziganiza kuti foni yadzaza, n'kudzizimitsa. Zina zili ndi njira yozikakamiza kukhalabe zoyaka, koma si yoti mayi wotopa azilimbana nayo usiku uliwonse. Ndipo ine ndikufuna kuchepetsanso motowo.

Anandiuza za batire la lithiamu la m'malaputopu akale, lomwe anyamata ambiri akupangira matochi. Ndinakana. Batire losadziwika komwe lachokera, lochajidwa ndi kabolodi kotchipa, lili m'bokosi la thabwa pafupi ndi mwana wogona, ayi. Timabatire tobulungira ta m'mawotchi natonso ndinatikaniratu, chifukwa mwana akameza kamodzi kamawotcha kummero m'maola ochepa.

Tagwirizana za mabatire atatu a AA ochajidwa, a mtundu wa NiMH. Lililonse limapereka 1.2 volts, atatu pamodzi 3.6, kutsika kuchoka pa 5 volts ya USB. Bamboyo anadula pulagi ya USB, anapala utoto woonekera womwe umakuta waya wa kopa (osapala, mtovu sugwira), anayesa kuti waya wa pozitivi ndi uti, chifukwa LED ukaitembenuza siyaka, kenako anatulutsa kabotolo ka ma resistor (tizipangizo tochepetsa moto) ochotsa m'mawailesi akufa. Tinatseka chitseko cha kashopu kake, n'kuphimba zenera ndi katoni. Ya 22 ohms inali yowalabe. Ya 100 ohms inatsitsa mpaka mafunde a galasi osaoneka. Ya 47 ohms ndi yomwe ndinaikonda. Mita inaonetsa pafupifupi 20 milliamps, kutanthauza kuti kanyale kalikonse kakulandira imodzi yokha. Iye anapukusa mutu, akuti zaka zonse wakhala pa ntchitoyi anthu amabwera kudzawonjezera mphamvu, wodzachepetsa ndine woyamba.

Masamu ake ndi osavuta. Mabatire alembedwa 2000 mAh. Kugawa ndi 20 milliamps aja kukupereka maola 100, omwe ndi mausiku khumi a maola khumi. Zolembedwa pabatire sindizikhulupirira zonse, ndiye ndidzauza mlongo wanga kuti azichaja Lamlungu lililonse. Ndagula mabatire asanu ndi limodzi kuti atatu akakhala m'nyale ena atatu akhale odzaza. Mabatire ndi chaja yake ndi zomwe zadya ndalama zambiri pa ntchito yonseyi, kuposa china chilichonse.

Nditaisiya yoyaka kuyambira madzulo mpaka m'mawa, galasi linali lozizira ngati silinayakepo.

Loweruka, 28 Juni

Dzina. Pa intaneti ambiri amalemba pagalasi ndi mankhwala odya galasi, opaka ngati mafuta. Mankhwala amenewo ali ndi fluoride wa mtundu woopsa, amalowa pakhungu n'kuwononga mkati munthu asanamve kupweteka kwenikweni. M'mashopu omwe ndinafunsa mulibe, ndipo sindinadandaule. Ndasankha sitika.

Ndinapita kwa odula masitika a zikwangwani ndi magalimoto m'tauni. Ali ndi zotsalira zambiri za pepala lamchenga lija amamata pa zitseko za galasi za m'maofesi kuti munthu asaone mkati, ndipo kachidutswa ka masentimita 20 anangondipatsa. Limeneli lidzaphimba nkhope yonse ya kutsogolo kuti waya asaoneke, kuoneke kuwala kokha. Pamwamba pake, theka la m'munsi, padzabwera sitika yabuluu woderapo, ngati madzi, ndipo dzina lidzadulidwa m'menemo, kuti zilembo zikhale mazenera otulukira kuwala. Ndachita dala zimenezi. Zilembo zakuda pagalasi lowala zikanasiya nkhope yonse ikuwalira mwana kumaso. Zilembo zoboola pa sitika yoderapo zikutseka theka la kuwalako. Kumbuyo ndasiya kosamata, kuwala kwambiri kuzipita kukhoma.

Pamwamba pa madziwo pali bwato ndi msodzi mmodzi, zakuda. Alamu kwawo ndi ku Chintheche, ndipo Tadala atapita kwa agogo ake pa Khirisimasi anabwerako akungonena za nyale za asodzi a usipa zomwe zimandandalika panyanja usiku. Tinyale ta m'njerwati, tikaonekera kuseri kwa pepala lamchenga ndi mafunde a galasi, tikufanana nazo ndithu. Pa zokongoletsa zonse zomwe anthu andiuza, timaluwa, timitima, tinyenyezi, ndasunga bwato lokhali.

Mtsikana wa pakompyuta anandisankhira zilembo zopindapinda za pa makadi a ukwati. Ndinati, "Achemwali, mwini wake ali kusukulu ya mkaka, dzina lakelo wangophunzira kumene kulilemba. Alizindikire." Tinafufuza mpaka kupeza zilembo zonenepa, T wamkulu, zotsalazo zazing'ono, ndi a wobulungira uja aphunzitsi amalemba pabolodi, osati a wa m'mabuku wokhala ndi kadenga. Zilembo zopyapyala zimavutanso kumata, zimayamba kutukuka m'nsonga.

Vuto la dzina loboola lili pa timitima ta zilembo. Mu Tadala muli a atatu ndi d mmodzi, ndipo chilichonse chili ndi kachidutswa ka pakati kosalumikizana ndi china chilichonse. Tikatayika, zilembo zimangokhala mabowo. N'chifukwa chake odulawo amamata pepala lina lonyamulira pamwamba pa zonse, lomwe limagwira tizidutswato pamalo pake mpaka sitika itakhazikika pagalasi.

Lero ndamata lamchenga lokha. Ndadikira masana, chifukwa guluu wa sitika sagwira bwino pagalasi lozizira, ndipo m'mawa wa kuno galasi limaluma zala. Ndapukuta ndi sipiriti, ndawaza madzi okhala ndi kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale, ndayala pepala, ndalisuntha mpaka kuwongoka, kenako ndakankha madzi kuchokera pakati kupita m'mphepete ndi khadi lakale la ku banki lokulunga m'kansalu. Nkhope ya njerwa ili ndi kamlomo kotukuka m'mphepete, ndiye ndadula pepala ndi lezala kutsatira mkati mwa kamlomoko. Lisiyidwe liume mpaka mawa kapena mkuja.

Lolemba, 30 Juni

Yabuluu ndi bwato zamatidwa, zouma, popanda madzi. Ndinaigwiriza kaye ndi tepi m'mphepete mwa kumwamba kuti izitseguka ngati chitseko, n'kumachotsa pepala la pansi pang'onopang'ono ndikusisita. Timitima tonse tinayi tili pamalo pake. Pali kathovu kamodzi pafupi ndi l, ndakabaya ndi singano.

Lachitatu, 2 Julayi

Chinthu cha makilogalamu awiri, chagalasi, choimirira pa mamilimita 80 okha, m'chipinda cha mwana wokonda kukwera zinthu. Choikapo chake ndachiganizira kuposa dzina.

Kalipentala wa ku Luwinga anayamba wanditulutsira paini, monga mwa masiku onse. Kuno paini ndiye thabwa lathu, poti nkhalango ya Viphya ku Chikangawa, yomwe inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, ili pakhomo pomwepa. Koma paini ndi wopepuka, ndipo wambiri amafika pamsika asanaume, ukamupangira chinthu amadzapindika chili kale m'nyumba. Pansi pa benchi yake panali chidutswa cha mbawa chotsala pa chitseko, chouma bwino, cholemera. Ndinaloza chimenecho.

Wapanga kabokosi kotalika masentimita 26, kufupika 16, kuti kapitirire njerwa mbali zonse. Pamwamba wakumba ngalande yoti njerwa ikhalemo mothina, kumbuyo waimika kathabwa kobisa bowo ndi waya. Mabatire ali m'kachipinda ka pansi kotsekedwa ndi masikuluwu awiri, osati kotsegula ndi chala. Swichi ili kumbuyo. Pansi penipeni ndamata zidutswa za chubu cha njinga kuti kasaterereke, ndipo ndamuuza aboole mabowo awiri oti kadzamangidwe pashelefu. Vanishi ndapaka wosawala, kawiri.

Kulowetsa waya komaliza kwanditengera nthawi. Ukangomukankha amaunjikana pansi, kuwala konse n'kukhala kuseri kwa dzina, kumwamba kuli bii. Ndinamukulunga kaye pa chala kuti akhale ngati sipuling'i, n'kumalowetsa pang'onopang'ono, ndikumukankhira m'makona a kumwamba ndi kawaya kolimba kopinda kumapeto. Ndayesetsa kuti tinyale tisagunde galasi la kutsogolo, chifukwa kamene kagunda kamaoneka ngati kadiso kowala kuposa tinzake. Pabowo ndaika kachidutswa ka paipi ya rabala kuti waya asakhudze galasi. Sindinatseke ndi silikoni. Tinyale tikadzafa tidzafunika kusolola, komanso chinyezi chikalowa chizipeza potulukira. Silikoni ndaika m'ngalande mokha, kugwiriza njerwa kuthabwa.

M'mbali moyera muja akazi anga asoka lamba wa chitenje chabuluu chomwe anagula ku Taifa, wa lasitiki mkati, wongoveka. Ine ndimafuna kumata ndi guluu. Iwo anati chinthu cha mwana chimada, chiyenera kuvulidwa n'kuchapidwa. Apa apambana ndi iwo. Za kuwala sanagonjebe, koma dzulo usiku anaima pakhomo la chipinda momwe ndimayesera, n'kunena kuti maso akazolowera zonse zikuoneka. Diso limatenga mphindi zingapo kuti lizolowere mdima, ndiye woweruza nyale yotere atangochoka pa babu la pabalaza amaiona ngati yakufa.

Loweruka, 5 Julayi

Taipereka masana, pa kaphwando kochepa ku Chibavi. Masana si nthawi yake yoonetsera. Titaiyatsa, amayi awo a alamu, omwe anabwera kuchokera ku Chintheche, anafunsa kuti, "Kodi mabatire atha kale?" Alamu anati resistor imeneyo ingathe kuchotsedwa, eti? Ndinati ingathe, koma ayambe aigonera sabata imodzi.

Tadala anawerenga dzina lake chilembo chimodzichimodzi ndi chala, anafunsa kuti nsomba zili kuti, kenako anafunsa ngati imaphethira. Nditati ayi anati, "Amalume, ya mnzanga imaphethira," n'kuthamangira keke.

Ine ndi alamu tinakhoma shelefu kukhoma loyang'anana ndi bedi, pamwamba poti iye sangafikire ngakhale atakwera mpando, osati kumutu kwa bedi. Tinamanga bokosi ndi masikuluwu ake. Ndinaonetsa mlongo wanga kutsegula kwa kachipinda ka mabatire ndi mbali yomwe lililonse limaloza, n'kumusiyira sikuludiraiva yaing'ono pamodzi ndi chaja.

Lachinayi, 10 Julayi

Mlongo wanga watumiza mawu pa WhatsApp. Akuti Loweruka ndi Lamlungu mwana anabwerabe kwa iwo, koma kuyambira Lolemba akugona kwake mpaka kucha, ndipo Lachiwiri magetsi atathima sanadziwe n'komwe. Za kuchotsa resistor alamu sakuzitchulanso. Mabatire oyamba adakali momwemo.

Chodandaula ndi swichi. Shelefu ndi yopyapyala, bokosi lagundana ndi khoma, ndiye kuti ayatse akuchita kulowetsa zala ziwiri kumbuyo atakwera pa mpando. "Achimwene, mwina muiike kutsogolo," akutero. Kutsogolo ayi, mwana akadzatalika pang'ono idzasanduka choseweretsa. Ndiipititsa kumbali ya kumanja, yoyang'ana kuchitseko, poti munthu wamkulu angaifikire ataimirira pansi. Pafunika kuboola mbawa ndi biti ya mamilimita 10 ndi kuwonjezera waya pang'ono, ndiye Loweruka ndidutsira kwa bambo wa mawailesi kukabwereka chowotcherera ndisanapite ku Chibavi. Kamlomo ka sitika yabuluu akuti katukuka pang'ono pakona ya kumanzere; ndidzakatenthetsa ndi chowumitsira tsitsi n'kukasisita.

Njerwa yachiwiri ija ili pansi pa bedi, yosaboola. Mayi wina woyandikana ndi mlongo wanga waifunsa kale, akufuna ya mapasa ake, maina awiri pa njerwa imodzi. Ndamuuza kuti ayambe wafunsa mtengo wa mabatire ndi chaja, ndiponso kuti afundi a ku Chiputula ali pa ntchito ku Karonga mpaka kumapeto kwa mwezi.